Kukonza tebulo la ntchito ndi kumanga timabogi ta sitima kuno ku Mzuzu

Kuno ku Mzuzu njanji kulibe. Sitima yapamtunda inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje. Inafika ku Salima mu 1935, ku Lilongwe mu 1979, kenako ku Mchinji, koma kumpoto kuno sinakwereko. Mwana wa ku Chibavi kapena ku Zolozolo atha kukula mpaka kumera ndevu asanaonepo mabogi a sitima ndi maso ake. N'chifukwa chake ndimafunitsitsa kuti anthu ambiri kuno aphunzire kumanga timabogi tating'ono toyenda panjanji yaketake yapatebulo. Manja aluso alipo kale, ambirife tinakula tikupinda mawaya kupanga magalimoto okhota ndi chiwongolero. Chosowa ndi malo abwino ogwirira ntchito ndi ndondomeko ya kamangidwe.

Yambani ndi kabogi konyamula katundu, injini ibwera pambuyo. Injini ndi yodula, ili ndi mota ndi magiya, ndipo mukailakwitsa mumalira. Kabogi kali ndi tizidutswa tochepa, koma kamakuphunzitsani zonse zofunika: kudula, kupala, kumata mowongoka ndi kupenta.

Sankhani sikelo musanagule kalikonse

Sikelo ziwiri zomwe zida zake zimapezeka mosavuta ndi OO ndi HO. OO ndi ya ku Britain, chinthu chenicheni chimachepetsedwa ka 76, moti mamilimita 4 amaimira futi imodzi. HO ndi ya ku America ndi maiko ambiri a ku Ulaya, ndipo imachepetsa ka 87. Zonse ziwiri zimayenda panjanji imodzimodzi ya mamilimita 16.5 m'kati mwake. Palinso sikelo ya N ya njanji ya mamilimita 9, koma kwa woyamba kumene ndikuti dikirani kaye, tizidutswa take ndi tating'ono mopweteka maso.

Njanji yathu ya ku Malawi ndi ya mamilimita 1,067, yofanana ndi ya ku Zambia, South Africa komanso ya TAZARA yodutsa ku Mbeya. Kuichepetsa ka 87 kumapereka pafupifupi mamilimita 12, ndipo amene akufuna sitima yachimalawi yeniyeni mu HO amagwiritsa njanji imeneyo. Zida zake n'zosowa, ndiye phunzirani kaye pa 16.5. Ngati mtima wanu uli pa mabogi aatali ngati amene amanyamula malasha kuchokera ku Moatize kudzera ku Nkaya ndi Nayuchi kupita ku Nacala, ma kit (mapaketi a tizidutswa tomanga wekha) a HO a ku America ndiwo amayandikirako. Koma pophunzirira ndimakonda kabogi ka OO ka mateyala anayi, ngati kaja ka British Railways konyamula matani 16 a malasha. Thupi lake ndi mamilimita 66 okha m'litali, ndipo popeza kalibe timiyendo tokhota pansi, kamakuuzani nthawi yomweyo ngati mwakamanga mokhota.

Opanga ma kit otere odziwika ndi Parkside, yomwe tsopano ili m'manja mwa Peco, komanso Dapol, Ratio ndi Cambrian. Werengani bwino zomwe zili m'paketi musanalipire. A Parkside amabwera ndi mateyala achitsulo ndi maberingi (timakapu momwe nsonga za ekiselo zimazungulira), pomwe a Cambrian mateyala mumagula padera. Ena a Dapol amachokera ku zikombole zakale za kampani ya Airfix, ndiye amafuna kupala kwambiri. Itanitsani awiri kapena atatu nthawi imodzi chifukwa ndalama yotumizira itha kuposa mtengo wa kit imodzi, ndipo sungani ina ya msonkho katunduyo akafika. Muitanitsenso njanji imodzi yowongoka. Ya Peco yopindika ija imakhala mamilimita 914, yokwanira kuyeserapo.

Guluu wosungunula pulasitiki ndi penti wam'chitini chopopera ndi zinthu zoyaka moto, ndipo pa positi yapandege nthawi zambiri amazikana. Guluu ngati Tamiya Extra Thin kapena Revell Contacta mupemphe wachibale wobwera pabasi kuchokera ku Johannesburg akugulireni kusitolo ya zoseweretsa zotere. Botolo limodzi limamanga timabogi tambirimbiri. Akasowa, superglue wa pagolosale amagwira ntchito, ndifotokoza m'munsimu.

Tebulo

Pitani kwa kalipentala ndi miyezo yolemba papepala. Pamwamba pakhale masentimita 120 m'litali ndi 60 m'lifupi, msinkhu masentimita 75. Pamwambapo ikani plywood yochindikala kapena blockboard, miyendo ikhale ya paini. Matabwa a ku Chikangawa ndi osasowa mumzinda uno, koma kanani thabwa laliwisi. Likamauma limapindika, ndipo tebulo lopindika limakusokonezani pa ntchito iliyonse. Muuzeni kalipentala amange mitanda pakati pa miyendo kuti tebulo lisagwedere mukamapala. Kumbuyo ndi m'mbali akhomere kathabwa kotalika masentimita 5 kotchinga tinthu tisagubuduzike kugwa. Pakani vanishi mbali zonse, ndi kunsi komwe, chifukwa chinyezi cha kuno chimalowa m'thabwa mwakachetechete.

Ngati mukukhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, musataye mtima. Thabwa la masentimita 60 ndi 40 lokhala ndi mpanda m'mbali zitatu likwanira. Mumaliika patebulo lodyera, mukamaliza n'kulikweza pamwamba pa wadilopu pomwe ana safikira.

Tebulo likhale pafupi ndi windo, kuwala kuzichokera kumanzere ngati mumagwira ndi dzanja lamanja. Usiku gwiritsani nyali ya LED yochajitsa kapena ya sola, kuti magetsi akathima muli pakati pomata musasiyire panjira. Apa ndikuchenjezeni ndi mtima wonse: kandulo, koloboyi ndi mbaula zisayandikire tebuloli. Mu June ndi July kukazizira munthu umafuna kukokera mbaula kumapazi ndi kutseka mawindo, koma mpweya wa guluu uja umayaka, ndiponso kuupuma m'chipinda chotseka kumapweteketsa mutu. Valani juzi, windo likhale lotsegula pang'ono.

Khomani chitenje chakale kunsi kwa tebulo kutsogolo, mbali inayo muziiyala pamiyendo mukakhala pansi. Kachidutswa kakapulumuka m'manja kamagwera pachitenjepo. Beringi ya mamilimita 2 ikagwa pasimenti simudzaionanso, ndipo m'tauni muno mulibe koigula. Muboolenso kachipika ka thabwa kuti botolo la guluu lizikhala m'dzenje. Likatayikira pa kit, pulasitiki yonse imasungunuka.

Chinthu chofunika koposa pa tebulo lonseli ndi galasi. Pitani kwa odula magalasi a mawindo akudulireni kachidutswa kochindikala mamilimita 5 kapena 6, kukula ngati kope la sukulu, ndipo akupalireni m'mphepete musadzicheke. Galasi ndi lathyathyathya kuposa thabwa lililonse, ndipo ndi pamene mudzaonere ngati kabogi kakuima bwino. Pambali pake ikani chodulirapo. Mphasa yobiriwira yodulirapo ikasowa, katoni yolimba kapena kathabwa ka pulasitiki kodulira ndiwo kamagwira ntchito.

Zida

Simufunika zambiri, ndipo zochuluka zili mumzinda momuno. Mpeni wabwino ndi uja wa madokotala, chogwirira chake ndi timaleza ta nambala 11, funsani ku mafamase. Kwa ogulitsa zipangizo zokonzera mafoni mupeza tweezers wosongoka ndi kapulaya kakang'ono kodulira waya. Timatabwa topalira zikhadabo ta ku saluni ndi tupa wabwino kwambiri pa pulasitiki. Ku hardware gulani sandipepa wa nambala 400 ndi 800, rula yachitsulo, sikweya yaing'ono yachitsulo, ndi dirilo ya mamilimita 2 yomwe muzipota ndi zala, osaiika pa makina. Onjezani mapegi oyanikira zovala, timphira tomangira ndalama, zotokosera m'mano, ndi timabulashi tiwiri kapena titatu tofewa. Chida chimodzi chokha chomwe ndinganene kuti musaumire ndi vernier caliper, ngakhale yotchipa, yoyezera mateyala.

Zachitsulo zonse zisungeni m'kontena ya pulasitiki yotseka bwino, muponyemo timapaketi ta silica gel topezeka m'mabokosi a nsapato. Mvula ya kuno imachedwa kusiya, ndipo leza losiyidwa poyera limachita dzimbiri msanga.

Kumanga chesesi

Tsegulani paketi, werengani pepala la malangizo kawiri, ndipo fananizani chidutswa chilichonse ndi chithunzi chake. Tsukani zonse m'madzi ofunda pang'ono a sopo wotsukira mbale kuti mafuta a kufakitale achoke, ziume zokha. Madzi otentha amapinda pulasitiki.

Tizidutswa timabwera titagwira pachimango cha pulasitiki. Musamatipotokole ndi zala. Dulani ndi kapulaya motalikirako pang'ono, chotsalacho muchotse ndi mpeni, n'kusalaza ndi tupa. Tizidutswa towonda ngati ndodo za mabuleki muzidulire pachodulirapo, chala chili pamwamba pake kuti tisadumphe. Dulani zokhazo zomwe mukufuna nthawi imeneyo. Paliponse pomwe pali kamzere kotsala pachikombole, palani ndi msana wa leza. Ndipo musanapake guluu paliponse, yesani kaye kulumikiza ziwalozo zili zouma. Zikapanda kukhalana bwino zouma, guluu sadzazikonza.

Tsopano maberingi. Ndi timakapu ta brass tolowa m'timabowo kuseri kwa mitanda iwiri ya m'mbali, momwe nsonga za ekiselo zimazungulira. Potani dirilo ya mamilimita 2 m'bowo lililonse kawiri kapena katatu kungochotsa zinyalala, samalani musatulukire kunja. Kanikizani beringi mpaka ikhale pansi ndithu, ndipo zonse zinayi zilowe mofanana. Kadontho kakang'ono ka guluu m'mphepete n'kokwanira, m'kati mwa kapu musalowe kanthu.

Apa ndipo pagona ntchito yonse, ndiye musathamange. Matani mtanda umodzi wokha pansi pa kabogi, muuyeze ndi sikweya kuti waima chilili, ndipo muusiye ugwire kwa ola limodzi. Kenako ikani mateyala m'maberingi ake, bweretsani mtanda wachiwiri, muugwire ndi zala popanda guluu. Yang'anani kuchokera pansi: maekiselo awiri aja ayenera kukhala ofanana njira, osapingasa ngakhale pang'ono. Pukusani mateyala ndi chala. Azizungulira nthawi yaitali, ndipo ekiselo izisuntha kumbali pang'ono zedi, mongomveka. Ikathina, sunthirani mtanda wachiwiri kunja pang'ono. Ikakhwepa mpaka kugwa, ikani kapepala kopyapyala ka pulasitiki kuseri kwa beringi kapena palani pomwe mtanda ukukhudza pansi kuti uyandikire.

Mukakhutira, gusani guluu pang'ono malo awiri okha, ndipo nthawi yomweyo, guluu asanalimbe, imikani chesesi pagalasi ndi mateyala ake. Tsitsani diso lifanane ndi galasi. Mateyala onse anayi akhudze. Dinani ngodya iliyonse ndi chala. Kakagwedera ngati mpando wa mwendo umodzi waufupi, kabogi kameneko kazidzagwa panjanji pokhota paliponse, ngakhale mutakapenta mokongola bwanji. Potozani pang'onopang'ono mpaka kakhazikike, ikani kanthu kolemera pang'ono pamwamba, malizani kumata, ndipo kagone pagalasipo mpaka m'mawa. Guluu wosungunula amaoneka ngati wagwira pakangopita mphindi zochepa, koma m'kati pulasitiki imakhala ikadali yofewa.

Kamatidwe kake n'kosiyana ndi guluu wa mapepala. Mumagwirizanitsa ziwalo kaye, kenako n'kukhudza kabulashi konyowa pamzere pomwe zakumana, makamaka cham'kati. Guluu amayenda yekha mumpatamo. Chala chikhale kutali ndi mzerewo, apo ayi guluu amalowa kunsi kwa chala n'kudinda chidindo chake papulasitiki. Ngati muli ndi superglue yekha, donthezani pa chitsekerero cha botolo, muzitapa ndi nsonga ya singano. Superglue amauma ndi chinyezi, ndiye kuno amagwira msanga kwambiri, sakupatsani nthawi yowongola. Choncho pa mtanda wachiwiri uja, imikani kaye zonse pagalasi zitagwidwa ndi kamphira, ndiye muthire guluu. Samalani maso, ndipo akamata zala zilowetseni m'madzi ofunda a sopo, musakoke mwamphamvu.

Yezani mpata wa pakati pa misana ya mateyala awiri a pa ekiselo imodzi. Pa OO ukhale mamilimita 14.5. Ukachepa kapena kupyola, kabogi kamapunthwa pamphambano za njanji. Mumakonza pogwira teyala limodzi n'kupotoza linalo pang'onopang'ono. Mabuleki amateni mateyala ali m'malo, kuti nsapato zake ziyang'anizane ndi teyala koma zisalikhudze. Mpata wolowa kapepala ndi wokwanira.

Thupi, kulemera ndi zokolekera

Thupi silivuta chesesi ikakhala bwino. Matani mbali imodzi ndi kumapeto kumodzi kupanga ngodya, muyeze ndi sikweya. Chitani chimodzimodzi ndi ziwiri zotsalazo, kenako lumikizani ngodya ziwirizo mozungulira pansi. Onetsetsani kuti zitseko zayang'ana komwe chithunzi chikuonetsa. Timphira tigwire mofatsa, tikathina makoma amapindikira m'kati.

Kabogi ka pulasitiki n'kopepuka kwambiri, ndiye kamafuna kulemetsa. Ka mateyala anayi kafike magalamu 40 mpaka 50, ndipo chachikulu n'chakuti timabogi tanu tonse tilemere mofanana, chifukwa kopepuka kakakhala pakati pa tolemera kamanyamuka pokhota. Pa HO, bungwe la NMRA la ku America limalangiza magalamu pafupifupi 28, kuonjezapo 14 pa masentimita 2.5 alionse a kutalika kwa kabogi. Mawashala ndi manati achitsulo a ku hardware amakwanira. Amateni pansi penipeni komanso pakati, ndi guluu wa epoxy kapena superglue. Ngati kabogi n'kotseka pamwamba, lemetsani musanaike denga, ndipo boolani kabowo pansi kuti mpweya wa guluu uzituluka. Musalemetse ndi mtovu. Ndi poizoni, komanso ukamatidwa ndi guluu woyera wa matabwa umafufuma pakapita nthawi n'kung'amba kabogi. Ingousiyani.

Zokolekera, zomwe zimalumikiza kabogi ndi kanzake, sankhani mtundu umodzi ndi kukhala nawo. Ma kit a OO amayendera mtundu wotchedwa tension lock, a HO amayendera wotchedwa Kadee. Msinkhu wake ufanane pa timabogi tonse. Kabogi koyamba kakakhala bwino, kasandutseni muyezo woyezera tinzake.

Tsopano yesani. Ikani njanji ija pathabwa lowongoka, kwezani mbali imodzi masentimita 2, ikani kabogi pamwamba n'kukasiya. Kayenera kutsetsereka kokha. Kakaima, china chake chikukhula, ndipo nthawi zambiri ndi nsapato ya buleki. Konzani pano, penti asanabwere.

Kupenta m'nyengo ya kuno

Chotsani mateyala potambasula mitanda pang'ono, tsekani maberingi ndi tizidutswa ta masking tape, tsukaninso kabogi ndi sopo ndi mswachi wakale, ndipo kaume tsiku lathunthu. Penti woyamba ndi primer yotuwa yopopera magalimoto. Yesani kaye pachimango chotsala chija kuti muone ngati sakudya pulasitiki. Popani panja, chitini chili masentimita 25 mpaka 30 kuchokera pa kabogi, dzanja likuyenda osaima. Kupopa kopyapyala kawiri kumaposa kamodzi kochindikala, komwe kumakwirira timisomali ndi mizere ya matabwa.

Nyengo ndiyo imalamula tsiku lopenta. M'mawa wa nkhungu kapena tsiku la mvula yamawawa penti wopopera amayera ngati wathiridwa ufa ndipo amachedwa kuuma. Dikirani dzuwa likwere, cha m'ma 11 koloko mpaka 2 koloko masana. Kukazizira, imikani chitini m'madzi ofunda kwa mphindi zochepa ndi kuchigwedeza bwino, osachiyandikiza kumoto. Kuyambira August mpaka October mpweya umakhala wouma, penti amagwira bwino, koma fumbi limachuluka, ndiye mukangopopa vindikirani kabogi ndi beseni loyera. Musakaumitse padzuwa la October, pulasitiki imapindika. Ine ndimati miyezi ya mvula ikhale yomanga, timabogi tiziunjikana, kupenta kudikire chilimwe.

Mtundu weniweni pakani ndi bulashi. Penti wa acrylic amasungunuka ndi madzi ndipo sanunkha, wa enamel ngati Humbrol amafuna thinner ndipo amatenga maola ambiri kuti aume. Musungunuleni akhale wamadzimadzi, mupake kawiri kapena katatu. Mabogi a malasha a British Railways opanda mabuleki a vacuum ankakhala otuwa, okhala nawo ankakhala ofiirira ngati dothi, ndipo kunsi kwakuda. Ngati mukufuna mitundu ya mabogi a kwathu, mukapita ku Limbe, Balaka kapena Kanengo mukawayang'anitsitse, ndipo mupemphe chilolezo kwa oyang'anira musanajambule.

Manambala amabwera pakapepala koviika m'madzi. Amagwira bwino pamalo osalala, ndiye pakani vanishi wonyezimira pamalopo kaye. Viikani kapepalako masekondi ochepa, tsetserezani nambala ndi bulashi yonyowa, yamwitsani madzi ndi kansalu. Mawa lake pakani vanishi wosanyezimira kabogi konse.

Mabogi ogwira ntchito sakhala oyera, ndipo zodetsera tili nazo pakhomo. Sefani dothi lakatondo louma pa kansalu kopyapyala, perani makala akhale ufa. Ndi bulashi youma pakani katondo kunsi ndi m'mateyala momwe fumbi limakhala, makala m'kati ndi m'mphepete mwa zitseko, nthawi zonse mukutsitsa bulashi kuchokera pamwamba monga madzi a mvula amatsikira. Yambani ndi pang'ono, muyang'ane muli patali, ndiye muonjezere. Vanishi wopyapyala pamwamba amagwiritsa fumbilo, ngakhale amalizimitsako mtundu.

Katundu wake, dulani katoni yolimba yokwana m'kati mwa kabogi, muikhazike pa kachipika kuti ikhale pafupi ndi pamwamba, muipente yakuda. Mukapeza kachibulumwa ka malasha enieni ngati a ku Mchenga ku Rumphi, kaphwanyeni m'kansalu ndi hamala, musefe, mutenge tokula ngati mchere wa mibulu yaing'ono. Akasowa, makala olimba amagwira ntchito. Thirani pakatoni paja, sakanizani guluu woyera wa matabwa ndi madzi muyezo wofanana, onjezani kadontho ka sopo kuti alowerere, ndipo donthezani pamwamba. Chitirani zimenezi kunja kwa kabogi kuti katunduyo muzitha kumuchotsa.

Pomaliza chotsani tepi pa maberingi, palani penti aliyense amene wagwera pomwe teyala limaponda njanji, ndipo pakani nsonga za maekiselo ndi pensulo yofewa m'malo mwa oyilo, yemwe amakoka fumbi ndipo wina amawononga pulasitiki. Bwezerani mateyala, yezaninso 14.5 uja, ndipo kabogi katsetserekenso panjanji yokwezeka ija musanatsegule paketi yachiwiri.